Yamaha Enduro 15 yakale pa boti lakale: gulani, koma muyambe mwaiyeza

Yamaha Enduro E15D ndi injini ya boti imene munthu angagule yakale mtima uli m'malo, bola ayambe wayeza zinthu ziwiri: kompuleshoni ya m'masilinda (mphamvu imene pisitoni imapanikizira mpweya) ndi oyilo wa m'giyabokosi. Ziwirizi zikakhala bwino, zotsalazo ndi tizipangizo totha ndi ntchito, monga impela (kamphira ka m'pampu ya madzi), mapulagi, magasiketi ndi mapayipi a petulo, zimene aliyense wodziwa kugwira sipanala amasintha yekha. Chimodzi mwa ziwirizi chikapezeka chowonongeka, mtengo wotsika usakukopeni, chifukwa zokonzera zidzadya ndalama zoposa zimene mwapulumutsa. Palinso chachitatu chimene ogula ambiri sachiyang'ana n'komwe, poti maso onse amakhala pa injini: thabwa la kumbuyo kwa boti, pamene injiniyo imamangidwa.

Yamaha inayamba kupanga injini za maboti mu 1960, ndipo mtundu wa Enduro unabwera m'zaka za m'ma 1970, wopangidwira anthu amene boti ndi ntchito yawo ya tsiku ndi tsiku, m'madzi amatope ndi amchenga, kutali ndi galaja. E15D ndi ya two-stroke (yosakaniza oyilo ndi petulo), ya masilinda awiri, 246 cc, 15 HP, kabuleta imodzi, moto wa CDI (kabokosi kamagetsi kopereka moto ku mapulagi), yoliza pokoka chingwe. Imalemera pafupifupi makilogalamu 40. Ilibe lamba wa timing, ilibe pampu ya oyilo, sifuna batire. Kuchepa kwa zipangizoku ndiko kumaipulumutsa ikakalamba, chifukwa zinthu zoti zife n'zochepa, ndipo chikafa chimadziwika msanga.

Musanapereke ndalama, pemphani kuti muipeze yozizira. Injini yotopa imene wogulitsa waitenthetsa kale imalira ulendo umodzi, n'kubisa vuto lake. Vundukulani chophimba, muyang'ane penti wa pamutu pa masilinda. Akakhala wosintha mtundu, wachikasu kapena wotukusira, ndiye kuti injiniyo inatenthapo kwambiri. Kenako masulani mapulagi onse awiri, chotsani kachingwe kozimitsira kuti pasakhale moto, tsegulani mafuta onse, mangani geji ya kompuleshoni pabowo limodzi, n'kukoka chingwe mwamphamvu kanayi kapena kasanu mpaka muvi utasiya kukwera. Chitaninso chimodzimodzi pa silinda inayo. Mageji amasiyana kawerengedwe, choncho musaumirire nambala imodzi. Chofunika n'chakuti masilinda awiriwo asasiyane kupitirira 10 peresenti. Ina ikawerenga 115 psi ina 110, palibe chodetsa nkhawa. Ina 115 ina 85, pali pisitoni yokalika, maringi omatirira kapena gasiketi ya pamutu yopsa. Walitsani tochi pabowo la pulagi: mizere yoima yokalika m'khoma la silinda imasonyeza kuti injiniyo inayendapo yopanda madzi kapena yopanda oyilo wokwanira. Gasiketi yokha ndi nkhani yaing'ono. Silinda yokalika imafuna kugawa injini pakati, kuboola silinda ndi kugula mapisitoni okulirapo, ndipo pamenepo ine ndingaisiye.

Kumwendo, pansi pa injini, pali timabawuti tiwiri ta oyilo, kena m'munsi kena m'mwamba. Masulani kam'munsi pang'ono kuti mudonthere oyilo pachala. Wakuda kapena wofiirira ndi wokalamba chabe. Woyera ngati mkaka ndiye kuti mwalowa madzi. Tifumbi tachitsulo tosalala timapezeka m'giyabokosi iliyonse imene yagwira ntchito, koma tizibenthu tomveka pachala ndi mano a magiya kapena bering'i imene yayamba kuswekera mkati. Osatulukamo kanthu, kapena kutuluka madzi okhaokha adzimbiri, musavutike n'kukambirana mtengo. Ikani giya pakati, muzunguze pulopela mukuyang'ana nsonga ya shafiti: ikamagwedera, inagundapo mwala n'kupindika, ndipo ma seal (timphira totchinga madzi ndi oyilo) atsopano sadzakhalitsa pamenepo.

Madzi m'giyabokosi ya boti la usodzi nthawi zambiri amalowera kuseri kwa pulopela. Ulusi wa ukonde kapena wa mbedza umakulungika pa shafiti, umatentha, umasungunuka n'kuuma ngati mphete, kenako umadula mphira wa seal. Kunja sizioneka. Muyenera kuchotsa pulopela ndi wasala wake kuti muone, ndipo ndi bwino kuzolowera kutero kawirikawiri, n'kupakapo girisi wa m'madzi pobwezeretsa kuti pulopela isamatirire. Mukasintha ma seal, popani mpweya wa 10 psi m'giyabokosi yopanda oyilo, muone ngati muvi ukutsika. Oyilo wake ndi wa magiya wa SAE 90, pafupifupi mamililita 250. Amathiridwa kuchokera pabowo la m'munsi mpaka atulukire la m'mwamba. Tsekani la m'mwamba botolo likadali pamalo, kenako mutseke la m'munsi msanga. Wothira kuchokera m'mwamba amasiya mpweya mkati, n'kumayesa kuti yadzaza pamene ili theka. Timawasala ta timabawuti timeneti tizikhala tatsopano nthawi iliyonse, chifukwa takale tophwanyika ndi njira inanso ya madzi.

Injini ikapambana mayeso awiriwa, ntchito yoyamba ndi pampu ya madzi, ngakhale wogulitsa atalumbira kuti anasintha posachedwa. Impela ndi kamphira kokhala ndi mapiko kamene kamazungulira m'kapu yachitsulo. Madzi ndiwo amakatereretsa, kotero injini ikalizidwa pamtunda ngakhale kwa masekondi ochepa, mapiko amapsa. Ikakhalanso zaka osagwira ntchito, mphira amauma n'kupindikiratu. Kuti mufike pa pampu, lekanitsani kandodo ka giya kamene kali kutsogolo kwa mwendo, masulani mabawuti ogwira giyabokosi, n'kuitsitsa.

Apa ndi pamene Enduro yakale imayesa mtima wa munthu. Mabawuti ndi achitsulo, thupi ndi la aluminiyamu, ndipo ngati injini inagwira ntchito m'madzi amchere popanda girisi, ziwirizi zimamatirirana ndi ufa woyera. Bawuti ikakana, musaonjezere payipi pa sipanala. Thirani mafuta ofewetsa dzimbiri, isiyeni usiku wonse, tenthetsani aluminiyamu wozungulira bawutiyo ndi moto wochepa, gogodani pamutu pake, kenako muiyendetse pang'onopang'ono, kumasula ndi kumanga mosinthanasinthana. Bawuti yothyokera mkati imasandutsa ntchito ya ola limodzi kukhala ya tsiku lathunthu.

Gulani kiti yonse ya pampu, osati impela yokha: kapu, mbale ya pansi, magasiketi ndi kakiyi kogwira impela pa shafiti. Mchenga umakumba mizere m'kapu ndi pambale, ndipo impela yatsopano pa chitsulo chokumbika siponya madzi okwanira. Pakani girisi pang'ono m'kapu, ndipo potsitsa chivundikiro muzizunguza shafiti mbali imene mivi ya wotchi imalowera, mutayang'ana kuchokera pamwamba, kuti mapiko apindikire koyenera. Impela yakale ikatuluka yosowa phiko, lifuneni mpaka mulipeze, chifukwa lapita kukatseka njira ya madzi m'mwamba. Pobwezeretsa, pakani girisi m'mbali mwa mano a shafiti koma osati pansonga penipeni, popeza girisi wapamwambapo amalepheretsa shafiti kulowa mokwanira. Onetsetsani kuti payipi ya madzi yalowa m'kamwa mwa pampu. Ikaphonya, zonse zimamangika bwinobwino koma madzi safika kumutu. Mukailiza m'diramu, madzi apitirire pampu, ndipo kamtsinje kosonyeza madzi kazituluka kolimba. Kakafooka, yambani mwatokosa kabowoko ndi ulusi wa nayiloni musanamasulenso chilichonse. Impela isinthidwe chaka ndi chaka kwa amene amayenda kwambiri.

Mavuto ambiri amene anthu amanamizira moto amakhala a petulo. Petulo akakhalitsa m'kabuleta amauma n'kusiya phula limene limatseka majeti (timabowo topimira petulo). Injini yolira pokhapokha choko chitakokedwa, kapena yozima mukangotsitsa mafuta, jeti yaing'ono ndi imene yatsekeka. Yolira bwino pansi koma yotsamwa mukatsegula mafuta, yang'anani jeti yaikulu, sefa ndi pampu ya petulo. Yodontha petulo pakamwa pa kabuleta, kasingano ka float (koyandama kotseka petulo akadzaza) katha kapena kagwidwa ndi zinyalala. Musanachotse sikuluu ya pa kabuleta yosinthira kasakanizidwe ka petulo ndi mpweya, imangeni mofatsa mpaka ikhudze, mukuwerenga maulendo, mulembe penapake. Osaikanikiza, nsonga yake imaphwanyika. Majeti atsukidwe ndi mankhwala a kabuleta ndi mpweya, ndipo muwaunike padzuwa kuti muone bowo lozungulira bwino. Waya wachitsulo umakulitsa bowo, injini n'kuyamba kumwa kwambiri mpaka kalekale.

Pali chifukwa chachikulu chosalolera kabuleta yotsekeka pa injini ya two-stroke. Oyilo amayenda limodzi ndi petulo. Petulo akachepa, oyilo wachepanso, kutentha kwakwera, ndipo pisitoni imatha kugwira injini ikumveka ngati ikuthamanga bwino. N'chifukwa chake mapayipi ouma, kolumikizira kolowetsa mpweya ndi kamphira kong'ambika ka m'pampu ya petulo si zinthu zozengereza. Kayezedwe kake n'kosavuta: injini ikayamba kufooka, finyani kampira kopopera petulo. Ikadzuka, vuto lili pa pampu kapena pali polowa mpweya. Kampirako kali ndi muvi umene uyenera kuloza ku injini, ndipo kasikuluu ka mpweya pa chitsekero cha thanki kazikhala kotsegula poyenda. Petulo wosakaniza ndi ethanol amakoka chinyezi ndiponso amadya mapayipi akale mkati, choncho pa injini yakale sinthani payipi yonse kuchokera ku thanki, mutsukenso thankiyo.

Kasakanizidwe ndi 50:1, kutanthauza mamililita 20 a oyilo pa lita imodzi ya petulo, kapena theka la lita pa malita 25. Mukaika mapisitoni kapena maringi atsopano, maola 10 oyamba ndi 25:1, osatsegula mafuta onse kwa nthawi yaitali. Oyilo akhale wa injini za maboti wolembedwa TC-W3. Wa galimoto amasiya phulusa pa pisitoni, ndipo wa njinga zamoto kapena makina ocheka mitengo anapangidwira injini zotentha kwambiri zozizira ndi mphepo. Kuthira oyilo wambiri poganiza kuti mukuiteteza kumangodetsa mapulagi ndi kumata maringi ndi mwaye. Muziyeza ndi kapu ya mizere, osati ndi maso.

Za moto n'zochepa. Nambala ya pulagi itengedwe m'buku la injiniyo. Mapulagi a NGK othera ndi -10 amakhala ndi mpata wa milimita imodzi, ndipo amamangidwa pa mphamvu ya 25 Nm. Moto wabwino ndi wabuluu wodumpha mpata wa mamilimita 7. Ukasowa pa mapulagi onse awiri, musathamangire kugula CDI. Chotsani waya woyera wa batani lozimitsira, muyesenso, chifukwa batanilo likachita dzimbiri limazimitsa moto. Chingwe cholizira chikayamba kuyoyoka pafupi ndi chogwirira, sinthani.

Masipeya a injiniyi amapezeka mosavuta, ndipo uwu ndi ubwino wake waukulu, koma pomwepo palinso msampha. Kutchuka kwake kwabweretsa masipeya otsanzira, ngakhalenso injini zathunthu zofanana nayo maonekedwe. Magasiketi ndi zogwirira zotsanzira zimagwira ntchito. Impela, ma seal, maringi ndi mabering'i, ayi: impela yotchipa imatha kuvuka pa kachitsulo kake ka pakati, shafiti n'kumazungulira yokha, ndipo mumazindikira injini itatentha kale. Pogula, tengani nambala ya pa kambale kamene kali pa chomangira injini. E15D imayamba ndi 6B4, pamene Yamaha 15F, ya 15 HP yomweyo, ndi 63W, ndipo si masipeya onse amene amalowana.

Zofooka zake zilipo ndipo n'zosabisika. Imamwa: mafuta onse atatsegulidwa imatha malita 7 mpaka 8 pa ola, kuposa injini ya four-stroke (yosasakaniza oyilo ndi petulo) ya mphamvu yomweyo. Imafuka utsi, imasokosera, imanjenjemeretsa chogwirira. Siikonda kuyenda pang'onopang'ono kwa maola, mapulagi amada, choncho amene amakoka mbedza tsiku lonse pa liwiro lotsika angachite bwino ndi four-stroke. Gawo lina la petulo ndi oyilo limatuluka losapsa n'kulowa m'madzi, ndipo n'chifukwa chake maiko a European Union anakhwimitsa malamulo a utsi pa injini zamtunduwu za maboti osangalalira kuyambira 2007. Nyanja zina zimaziletseratu, choncho fufuzani malamulo a kumene mukaigwiritse ntchito musanagule.

Tsopano boti. Maboti ambiri a faiba ali ndi pulayiwudi mkati mwa thabwa la kumbuyo, wokutidwa ndi faiba mbali zonse. Madzi amalowera m'mabowo a mabawuti, pa zogwirira ndi pabowo lotulutsira madzi, pulayiwudi n'kuola mkati kunja kukuwala. Tukulani mwendo wa injini, muukankhire pansi ndi thupi lanu mukuyang'ana thabwalo. Likamapindika, kapena ming'alu ya m'makona ikamatseguka, laola. Gogodani paliponse ndi chogwirira cha sikuludiraiva: pabwino pamalira mouma, poola pamamveka phuphuphu. Kuti mutsimikize, boolani kabowo ka mamilimita 6 chakumunsi, mkati mwa boti, osatulukira kunja. Utuchi woyera wouma ndi wabwino, mutseke bowolo ndi guluu wa epoxy. Wakuda wonyowa, thabwa lonse lichoke. Kumangapo mbale yachitsulo pamwamba pa thabwa loola kumangobisa vuto, ndipo tsiku lina injini idzapita nalo.

Pokonza, dulani faiba ya mkati, musiye ya kunja kuti boti lisataye maonekedwe. Kokotani matabwa onse oola mpaka faiba yoyera, muikwechese ndi sandipepala wa 80, muisiye iume kwenikweni. Dulani zidutswa ziwiri za pulayiwudi wa m'madzi wa mamilimita 18, muzimate pamodzi ndi epoxy, mupake m'mbali monse chifukwa m'mphepete ndimo mumamwa madzi. Matani ku khungu la kunja ndi epoxy wolimbitsidwa ndi ufa wake, mupanikize ndi zomangira mpaka guluu atulukire m'mbali. Makona muwadzaze kuti akhale obulungira, popeza nsalu ya faiba sigona pa kona yakuthwa, kenako muyale nsalu zitatu kapena zinayi, iliyonse yopitirira inzake kulowa m'mbali ndi pansi pa boti. Bowo lililonse latsopano libooledwe lokulirapo, lidzazidwe ndi epoxy, kenako libooledwenso pa saizi yake, kuti bawuti isakhudze thabwa.

Guluu wa polyester ndi wotsika mtengo kuposa epoxy ndipo amagwira, koma ali ndi malamulo ake. Mankhwala oumitsira a MEKP ndi 1 mpaka 2 peresenti, kutanthauza mamililita 10 mpaka 20 pa lita, ochepa kukatentha. Mukachulutsa, amatentha n'kuumira m'chitini. Epoxy amamata pa polyester wakale, koma polyester samata bwino pa epoxy, choncho musayambe ndi epoxy n'kumalizira ndi polyester. Pa ming'alu ya pansi pa boti, kwechesani motsetsereka ka 12 kuchulukitsa kuchindikala kwa khomalo: khoma la mamilimita 5 likufuna malo otsetsereka a mamilimita 60 kuzungulira. Valani zoteteza maso, manja ndi mphuno. Boti likamalemera modabwitsa, pansi pake pali thovu loyandamitsa limene lamwa madzi. Limenelo siliuma, liyenera kuchotsedwa n'kuika lina, apo ayi 15 HP idzaoneka ngati yopanda mphamvu pamene vuto si lake.

Kamangidwe ka injini pa boti kamasintha zambiri kuposa kusewera ndi kabuleta. Mwendo waufupi ndi wa thabwa la mainchesi 15, wautali ndi wa mainchesi 20. Mbale yopingasa ya pamwamba pa pulopela ikhale yolingana ndi pansi pa boti kapena kutsikirapo osapitirira mamilimita 25. Ikatsika kwambiri, mwendo umakoka madzi, liwiro limachepa, petulo amapita. Ikakwera kwambiri, pulopela imagwira mpweya pokhota ndipo pampu imatha kusowa madzi. Kandodo ka pa chomangira kamasintha kapendekedwe: mphuno ya boti ikamalima madzi, katulutseni bowo limodzi, ikamadumphadumpha, kabwezeni.

Pulopela isankhidwe ndi kamita kowerenga rpm (maulendo amene injini imazungulira pa mphindi), kaja kokulunga pa waya wa pulagi. Boti litanyamula katundu wake wa masiku onse, mafuta onse atatsegulidwa, injini izifika pakati pa 4500 ndi 5500. Yosafika 4500 ikulemedwa, imatentha ndi kudzaza mwaye, ndipo ikufuna pitch (kapendekedwe ka mapiko a pulopela) yotsika. Yopitirira 5500 ikufuna yokwera. Inchesi imodzi ya pitch imasintha rpm ndi 150 mpaka 200. Mapulopela ake ndi a mainchesi 9¼ m'mimba mwake, ndipo boti lolemera ndi maukonde limafuna pitch ya 8 kapena 9, pamene lopepuka limalola 11 kapena 12. Injini ikamalira kwambiri boti osayenda, mphira wa pakati pa pulopela watha. Lembani mzere wodutsa pa nati ndi pa pulopela, muyende pang'ono, muone ngati mzerewo wasemphana. Sikuluu ya pa kabuleta ija ndi liwiro la pansi zimalizidwe boti lili pamadzi, injini itatentha, giya italowa, chifukwa m'diramu injini siilemedwa mofanana. Ikamayetsemula pansi, petulo wachepa, masulani sikuluuyo pang'ono.

Kachitsulo ka pamwendo kamene kamadyedwa ndi madzi m'malo mwa injini (anode) kasapakidwe penti, ndipo kasinthidwe kakatha theka: zinki ndi ya madzi amchere, maginiziyamu ndi ya madzi opanda mchere, aluminiyamu imagwira konse. Mukayenda maola ochepa oyamba, donthezaninso oyilo wa m'giyabokosi kuti muone ngati ma seal atsopano agwira, ndipo mangitsaninso zomangira ziwiri za pa thabwa, chifukwa zimamasuka ndi kunjenjemera. Injiniyo imangidwenso ndi tcheni kapena chingwe cholimba ku mphete yomangidwa ndi bawuti yodutsa thabwa lonse.